Nkhono ya ku Paisley ndi mabuleki anga

Ine njinga ndinaidziwira pansi pa mtengo wa mango pa Kamuzu Road, ku Salima, pamene amalume anga ankamata machubu a anyamata a kabaza. Zida zathu zinali masipanala awiri, pulayala, pampu yotopa ndi beseni la madzi lofufuzira pamene chubu chabooka. Chitsimikizo chomwe tinkapereka kwa makasitomala chinali cha mawu atatu: "Ikavuta mubwere nayo." Munthu akagwa ndi njinga yomwe takonza, ankabwera akutsimphina, amalume n'kumuyang'ana mwachisoni n'kunena kuti, "Mchenga umenewo, achimwene, kunyanja kuno." Kenako ankamupopera tayala ulere. Mlandu unkathera pomwepo.

Lero ndili ku Glasgow, kumene ndimagwira ntchito ya usiku yosamalira okalamba. Tsiku lina ndinaona bambo wamkulu, wa ndevu zake, akukankha njinga mtunda wautali kupita nayo kushopu chifukwa tcheni chavuka. Tcheni chokha! Mtima unandiwawa. Ndinadziuza kuti mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo Lamlungu lotsatira ndinaimirira kutchalitchi n'kulengeza kuti Loweruka lililonse ndiziphunzitsa anthu kukonza njinga mu holo ya mpingo, popanda kulipira. Anthu anaomba m'manja. Ndinakhala pansi mapewa atakula.

Amene sanaombe m'manja ndi amayi a pampando a komiti yoyang'anira holoyo, gogo wa magalasi opachika pa kachingwe. Ananditapa pakhomo.

"Bambo, inshuwaransi muli nayo?"

Ndinawayankha mwaulemu kuti galimoto ndilibe. Kwathu inshuwaransi ndi kapepala komata pagalasi la galimoto, koonetsa apolisi a pamsewu, ndipo sindinamvepo kuti sipanala imafuna kapepala koteroko. Iwo anafotokoza pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi mwana wa sitandade 2, kuti aliyense wochititsa zinthu mu holoyo amayenera kuonetsa chikalata cha inshuwaransi yotchedwa public liability, yomwe imalipira chipukutamisozi munthu wina akavulala kapena katundu wake akaonongeka chifukwa cha kusasamala kwako. Boma silikakamiza kagulu ngati kathu kukhala nayo, koma eni malo ndi makhonsolo satsegula chitseko usanaionetse. Ndipo iyenera kukhala yotha kulipira mpaka mapaundi 5 miliyoni.

Ndinatulutsa foni kuti ndione kuti ndalamayo ndi makwacha angati. Maziro atachuluka ndinaibweza m'thumba. Njinga zonse za kabaza za ku Salima, kuphatikizapo eni ake ndi mtengo wa mango uja, sizingafike pamenepo.

Usiku umenewo nzeru zinandibwerera, monga zimachitira ndikagona ndi njala. Ndinalemba chikalata changa: "Aliyense walowa muno mwa kufuna kwake. Ukagwa, wagwa wekha." Pansi ndinasiya malo osainira. Mayi a kunyumba ataliwerenga anangoti, "Bambo a ana, inu sukulu ya zamalamulo munapita liti?" Sindinawayankhe. Mneneri salemekezeka kukhitchini.

Pamsonkhano wa komiti, pepala langa linafika m'manja mwa msungichuma, mkulu wina amene anapuma pa ntchito ya uloya. Analiwerenga kawiri, n'kulipinda bwinobwino ngati akufuna kukulungira mtedza. Anati dziko lino lili ndi lamulo la 1977, Unfair Contract Terms Act, ndi lina la 2015 loteteza ogula, ndipo mfundo yake ndi imodzi: sungasainitse munthu kuti ukamuvulaza kapena kumupha mwa kusasamala kwako usadzakhale ndi mlandu. Woweruza pepala lotere amangoliika pambali. Ndinati koma ine sindikugulitsa kanthu, ndikungothandiza. Anati wothandiza nayenso ali ndi manja, ndipo manja a ulere amaiwala kumanga nati chimodzimodzi ndi manja olipidwa.

Apa ndi pamene anandiuza za nkhono, ndipo mundilole ndikhalepo pang'ono chifukwa nkhaniyi imandisowetsabe tulo. Mu Ogasiti 1928, m'tauni ya Paisley, pafupi pomwepa ndi Glasgow, mayi wina dzina lake May Donoghue analowa m'kanyumba kodyera ndi mnzake. Mnzakeyo anamugulira botolo la chakumwa cha jinja, botolo lakuda losaoneka m'kati. Atamwako, pothira chotsalacho akuti munatuluka nkhono yowola. Mayiyo anadwala m'mimba, n'kusumira mwini fakitale, David Stevenson, kuti amulipire mapaundi 500. Vuto linali lakuti iye sanagule botololo, ndiye panalibe pangano lililonse pakati pa iye ndi mwini fakitaleyo. Mlandu unakwera mpaka ku House of Lords ku London, ndipo mu 1932 oweruza atatu mwa asanu anagamula kuti pangano silofunika. Mmodzi wa iwo, Lord Atkin, anatenga nkhani ya mnansi ija timaimva pa guwa n'kuisandutsa lamulo: aliyense amene angapwetekeke ndi ntchito ya manja ako ndi mnansi wako, ndipo uyenera kumusamala. Chondipweteka n'chakuti Stevenson anamwalira chaka chomwecho, mlandu unathera kunja kwa khoti, ndipo palibe woweruza amene anatsimikiza kuti nkhonoyo inalimodi m'botolo. Ndiye kuti ine, mwana wa ku Salima, ndikufunsidwa mapaundi 5 miliyoni chifukwa cha nkhono imene khoti silinaione. Kwathu tikapeza ntchentche mu thobwa timaichotsa ndi chala n'kupitiriza nkhani.

Msungichuma sanathere pomwepo. Anati kagulu kathu sikanalembetsedwe ngati bungwe loima palokha pamaso pa lamulo, choncho wovulala akafuna kusuma, asumira anthu enieni, kuyambira amene anagwira sipanala. Ndipo ku Scotland kuno munthu wovulala amakhala ndi zaka 3 zoti aganizire ngati akufuna kupita kukhoti. Zaka 3! Ndinaona nyumba yanga ya kumudzi, imene yafika pa lintala, ikugulitsidwa njerwa imodziimodzi. Ndinati tiyeni tiigule inshuwaransiyo.

Kugula kwake kunali mayeso. Fomu inafunsa ngati tiziphunzitsa anthu kukonza njinga zawo kapena tiziwakonzera, poti zimenezi kwa a inshuwaransi ndi ngozi ziwiri zosiyana. Inafunsa ngati tizikhudza njinga za magetsi, ndipo amayi a pampando anayankha kuti ayi ndisanatsegule pakamwa, chifukwa mabatire ake akapsa moto wake suzimitsika ndi ndowa. Inafunsa za ana, ndipo ndinamva kuti wophunzitsa ana kuno amayamba wafufuzidwa mbiri yake kudzera mu ndondomeko yotchedwa PVG. Tinagwirizana zoyamba ndi akuluakulu okha. Pamene panafunsidwa maphunziro a mphunzitsi, anandiuza kuti amakanika a njinga kuno amakhala ndi satifiketi ngati ya Cytech. Ine ndinalembapo kuti "amalume". Amayi a pampando anafufuta n'kulemba kuti ndili ndi luso la zaka zambiri, zomwe ndi amalume omwewo atavala suti.

Panalinso pepala lolembapo zoopsa zonse zomwe zingachitike. Ine ndinaona ziwiri: kudzimenya ndi sipanala ndiponso kudetsa malaya. Komiti inapeza zodzaza masamba atatu, mpaka kuterereka pa gilizi ndi kupsa ndi tiyi. M'ndandanda wa zida zanga anachotsamo mphira za legeni, zimene kwathu zimamanga chilichonse kuyambira keliyala mpaka banja. Nditawafotokozera kuti tayala likaphulika uli kutali umatha kulidzaza udzu n'kufika kunyumba, anandipempha kuti mawu amenewo asadzamveke mu holo.

Loweruka loyamba kunabwera anthu asanu ndi atatu. Ndisaname, ndinawala. Ndinawaonetsa kuti pedulo ya kumanzere imamasulidwa mobwerera, ndipo bambo wina amene analimbana nayo mwezi wathunthu anatsala pang'ono kugwetsa misozi. Ndinamiza chubu m'beseni, thovu n'kutuluka, anthu n'kuti "aaa" ngati ndachita matsenga. Ndinawaphunzitsanso zomwe komiti inandiloweza, kuyendera njinga motsata chilembo cha M: kuyambira pa gudumu la kutsogolo, kukwera ku mahandulo, kutsika ku mapedulo, kukwera ku chishalo, kutsikira pa gudumu la kumbuyo, osadumpha kanthu. Ndinawauza ndi mawu a mphunzitsi wamkulu kuti amene adumpha mwambowu akufuna imfa.

Kenako ndinatenga njinga ya mayi wina wachikulire. Ndinachotsa magudumu onse awiri pophunzitsa, ndipo pa njinga za mabuleki a mtundu umenewo, kuti tayala lidutse umayamba wamasula kawaya ka buleki. Ndinabwezera magudumu. Ndinapopa. Anthu akuyang'ana, ndinati, "Makanika weniweni amayesa yekha ntchito yake," n'kukwera. Chilembo cha M ndinachisiya mu holo pamodzi ndi nzeru zanga.

Bwalo loimikapo magalimoto la tchalitchi chathu ndi lotsetsereka. Ndinafinya dzanja la manja, limene kuno limagwira buleki ya kutsogolo. Chitsulo chinangofika pa handulo, fwa, ngati ndafinya buledi. Ndinafinya la manzere. Chimodzimodzi. Ndinakumbukira njira ya kwathu yoponda tayala ndi chidendene, koma njingayo inali ndi madigadi. Chimene chinandiimitsa ndi chitseko cha galimoto ya abusa.

Ndisanadzuke n'komwe, pakamwa panga panali patayamba kale ntchito: "Pepani, pepani abusa, ndalakwa ndine." Amayi a pampando anafika akuthamanga, liwiro lomwe sindinkadziwa kuti ali nalo, n'kunditsina pa mkono. Anati pangano la inshuwaransi limaletsa kuvomera mlandu pamalo a ngozi, zimenezo amaweruza ndi eni ndalama. Kuuza Mmalawi kuti asanene pepani kuli ngati kuuza tambala kuti adikire dzuwa lituluke kaye. Mwamwayi msungichuma anafika n'kunena kuti Scotland inakhazikitsa lamulo mu 2016 lakuti kupepesa sikutengedwa ngati umboni wa kulakwa pa milandu yambiri ya chipukutamisozi. Tangoganizani, dziko kuchita kukhala pansi m'nyumba ya malamulo kuti lilole anthu kunena pepani. Nditamva zimenezo ndinapepesa abusa, ndinapepesa mwini njinga, ndinapepesanso galimoto.

Atandimata kapulasitala pa bondo, ndinafunsa mwakachetechete kuti pa mapaundi 5 miliyoni aja, gawo la bondo langa ndi lingati. Anandiuza kuti inshuwaransiyo ndi ya anthu amene ine ndawapweteka. Chitseko cha abusa ndi mnansi wanga, gudumu lopindika la mayi uja ndi mnansi wanga, koma bondo langa si mnansi wanga, ndipo sindingadzisumire ndekha. Anandipatsa buku lolembamo ngozi, latsopano, losakhudzidwa. Pa mzere wa wovulala ndinalemba dzina langa. Pa mzere wa amene anakonza njinga ndinalembanso dzina langa.

Madzulo mayi a kunyumba anaimbira amalume pa WhatsApp kuti amve okha zomwe mphwawo wachita ku Ulaya. Amalume anamvetsera nkhani yonse osadula, ya nkhono, ya mapaundi, ya chitseko cha abusa. Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa kuti, "Nanga pabwalo pa tchalitchipo palibe mchenga?"