Atsibweni Alipira Ndalama Kukaona Matope ku Coulon

Kumadzulo kwa dziko la France, pakati pa mzinda wa Niort ndi nyanja ya Atlantic, kuli chidambo cha mahekitala pafupifupi 100,000 chotchedwa Marais Poitevin. M'dziko lonselo chimaposedwa ndi dambo limodzi lokha, la Camargue. Anthu amachokera kutali atavala zipewa zodula kudzaona madzi, mitengo ndi matope, ndipo amalipira. M'gulu la olipirawo munapezekanso Atsibweni anu, eni danga lino, munthu amene amatha kuimitsa minibasi yonse chifukwa cha chenje cha K50.

Anawatengera kumeneko ndi mphwawo amene akuphunzira ku La Rochelle. Mnyamatayo anasankha Coulon, katauni ka m'mbali mwa mtsinje wa Sèvre Niortaise, makilomita pafupifupi 10 kuchokera ku Niort. Chigawo chimenechi amachitcha Venise Verte, ndipo njira zake zenizeni ndi ngalande. Kale alimi akumeneko ankakweza nkhuni, udzu ngakhalenso ng'ombe m'mabwato athyathyathya pansi, popita kumabusa ozunguliridwa ndi madzi. Lero mabwatowo amanyamula alendo, omwe ndi opepukirapo kuposa ng'ombe komanso amadzilipirira okha.

Padoko munthu umasankha: kubwereka bwato n'kupalasa wekha, kapena kuwonjezera ndalama kuti akupalasire wodziwa njira. Atsibweni atangomva zowonjezera ndalama analengeza kuti iwo anakulira kufupi ndi madzi. Bodza panalibe. Madziwo anali a pamjigo.

Atagwira nkhafi, bwato linayamba kuchita zofuna zake. Akapalasa kumanja limakagunda gombe lakumanzere, akapalasa kumanzere limazungulira pomwepo. Ngalande zakumeneko n'zopapatiza, pamwamba nthambi zinakumana, ndipo mbali zonse kwandandalika mitengo ya frêne. Mitengoyi anthu amaidula kumutu pakapita zaka zingapo kuti apeze nkhuni, motero imakhala yaifupi, yamitu ikuluikulu yotupa, pamene mizu yake imagwira dothi kuti gombe lisagumuke. Mizu imeneyi Atsibweni anaiyesa ndi mphuno ya bwato, ndipo akuchitira umboni kuti ndi yolimbadi.

"Atsibweni, mtengo uwu tinaudutsa kale," anatero mphwawo.

"Khala phee iwe, mitengo ya kuno imafanana," anayankha thukuta lili kamukamu.

Kamtsikana kena kachifalansa kanawadutsa kakupalasa bwato la makolo ake, dzanja lina kakudya apozi. Posakhalitsa Atsibweni anabwerera padoko n'kulipira wopalasa uja. Potero anapulumutsa ndalama mwa njira yawoyawo, yolipira bwato lobwereka ndi la wopalasa lomwe.

Wopalasayo anaimirira kumbuyo n'kumakankha bwato ndi mtengo wautali umene amautcha pigouille, uku akufotokoza mbiri ya malowo, mphwa akumasulira. Kalekale dera lonselo linali mbali ya nyanja, ndipo linakwiririka pang'onopang'ono ndi matope. Amonke ndiwo anayamba kuchotsa madzi kuti apeze minda. Mu 1217 akuluakulu a nyumba zisanu za amonke anagwirizana zokumba ngalande imene mpaka lero imatchedwa Canal des Cinq Abbés. Mu 1599 Mfumu Henri IV inapereka ntchito youmitsa madambo a m'dzikomo kwa Humphrey Bradley, katswiri wochokera ku Netherlands. Mbali ya kufupi ndi nyanja inaumitsidwa n'kutchingidwa ndi zipupa za dothi, pamene ya ku Coulon inasiyidwa kuti izilandira madzi osefukira. Ngalande zake zambiri zinakumbidwa m'zaka za m'ma 1800. Atsibweni, amene ngalande ya kuseri kwa bafa lawo akhala akulonjeza kuikumba chichokereni mvula ya dzana, anangogwedeza mutu ngati mmisiri amene akuyamikira ntchito ya amisiri anzake.

Atafika pakachetechete, wopalasa anaimitsa bwato. Anazika mtengo uja pansi n'kuvundula matope mpaka madzi anayamba kuchita thovu. Kenaka anatulutsa choyatsira fodya m'thumba, anawerama, n'kuyatsa madziwo. Moto unati lawilawi pamwamba pa ngalande.

Alendo ena anaomba m'manja n'kutulutsa mafoni. Atsibweni anakweza miyendo, anagwira kolala ya mphwawo, n'kuyamba pemphero limene analisiya ali ku Sande sukulu. Ankafuna kudziwa chinthu chimodzi chokha: bamboyu anatemera kwa yani? Mphwa anafotokoza kuti masamba akagwera m'madzi amawolera m'matope mopanda mpweya wabwino, ndipo amatulutsa mpweya wa methane umene umakodwa pansipo. Ukavundula umakwera, ndipo umayaka. Opalasa ambiri akumeneko amaonetsa zimenezi kwa alendo awo. Mtima utakhala pansi, Atsibweni anati ankadziwa kale, ankangofuna kuona ngati sukulu ya mwanayo ikupindula. Anafunsanso ngati motowo ungapsetse nyemba. Wopalasa anati umazima msanga.

Nyembazo anakazipeza kumalo odyera. Kumeneko amanyadira nyemba zoyera zotchedwa mogette, zimene ena amazipaka pa buledi wothira batala. Amadyanso mikunga ya m'ngalandemo ndi nkhono zophika. Atsibweni anadya nyemba ndi buledi monga kutsegula kukhosi, n'kukhala tsonga kudikira chakudya chenicheni. Kunabwera bilu.

M'sitolo ina analawa nyama yopera ya m'kabotolo, anaiyamikira, n'kupempha ina. Ndipomwe mphwa anawaonetsa chithunzi cha mwini nyamayo: ragondin, chinyama cha mano ofiirira ndi mchira wa khoswe, cholemera makilogalamu angapo. Chinachokera ku South America, anachibweretsa chifukwa cha ubweya wake, ndipo lero chimaboola magombe a ngalande kotero kuti amachitchera misampha. Atsibweni anachita tsinya n'kunena kuti munthu wolemekezeka sadya zoterozo. Amanena izi ndi munthu amene mbewa za pamsewu wa ku Dedza amadya ndi ubweya womwe.

Zapamtunda anazithamangira. Dera lonselo ndi lathyathyathya, ndipo njira ya njinga ya Vélo Francette, yotalika makilomita oposa 600 kuchokera ku Ouistreham mpaka ku La Rochelle, imadutsa pa Coulon. Popita kumudzi wa Arçais pa njinga, Atsibweni anapitiriridwa ndi gogo wina wa imvi mbuu, amene anawapatsa moni mwaulemu n'kuzimiririka. Ku Maillezais anaona mabwinja a nyumba ya amonke kumene mlembi François Rabelais anakhalako m'zaka za m'ma 1520. Anaonanso bulu wa mtundu wa baudet du Poitou, chibulu chachikulu cha ubweya wautali wopotana. Mu 1977 abulu amenewa anatsala 44 okha, ndipo anapulumuka chifukwa anthu anadzipereka kuwaweta. Atsibweni anajambulitsa naye. Kunyumba onse oona chithunzicho anayamba ayamikira bulu.

Dambo limeneli silinasungike mwamwayi. Mu 1996 linalandidwa ulemu wokhala paki ya zachilengedwe chifukwa mabusa ambiri achinyontho anaumitsidwa n'kusanduka minda ya chimanga ndi mbewu zina, ndipo ulemuwo unabwerera mu 2014. Mikangano ya madzi othirira pakati pa alimi ndi oteteza chilengedwe ikadalipo m'chigawocho.

Chigamulo cha Atsibweni n'chakuti matope a ku Coulon ndi oyenera ndalama zake, ngakhale kwa munthu woumira ngati iwo. Inu awerengi mukadzapitako, lipirani wopalasa poyamba pomwe, madzi akayaka khalani pansi, ndipo nyama ya m'kabotolo muzifunsa mwini wake musanapemphe ina.