Manja a Manejala

Fordsburg, Johannesburg

Okondedwa alamu,

Landirani moni inu, apongozi ndi onse ku Lifuwu, osaiwala anyamata aja amaswera padoko osagwirako chingwe cha khoka, koma nkhani za anthu a ku Joni ali nazo zonse. Kuno moyo ulipo. Kalatayi yanditengera masiku atatu chifukwa cholembera ndikuchipana ndi zala ziwiri ngati nkhanu.

Ndamva kuti chithunzi chomwe ndinatumizira mlongo wanu pa WhatsApp chayenda kuchokera kusikimu ya mpunga mpaka ku Senga Bay. Ena akuti magolovesi oyera omwe ndinavala pachithunzipo ndi chizimba, ndakhwimira chuma. Ena akuti ndinagwira katundu wotsirika. Azakhali akuti ndi khate ndipo ayamba kale kulira. Alamu, munthu wokhwima angatumize R800 pa Mukuru, n'kuimbanso foni yopepesa?

Ndiulule kwa inu nokha. Paja ndinati ndine manejala palesitilanti ina ya amwenye. Sindinaname kwenikweni. Ndimayang'anira masinki awiri, mbale zosawerengeka ndi mapoto a biriyani oti mwana wa Sitandade 2 atha kubisalamo. Ine amene, yemwe kwathu ndinkadya n'kukankhira mbale kumbali ndi phazi, ndikumati mwamuna satsuka. Kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka usiku manja ali m'madzi otentha a sopo.

Zinayamba ndi kuyabwa m'mbali mwa zala. Kenako panatuluka timatuza ting'onoting'ono, tolowa mkati mwa khungu, tothithikana ngati mazira a nsomba. Kuyabwa kwake musakuyerekeze ndi udzudzu wa kudambo. Ndinkakanda ndi mano, ndi chipeso, mpaka kukhutiza zikhatho pakona ya tebulo ngati mbuzi pachipupa. Patatha masabata awiri kapena atatu matuza anauma, khungu n'kuyamba kusupuka ndi kung'aluka. Foni yanga yomwe inandikana: ndikaika chala kuti itseguke, ikuti sikundidziwa. Mnzanga wa ku Mangochi yemwe timagona chipinda chimodzi akuti ndisadandaule, ngakhale ku Lindela, kotsekera obwera opanda mapepala, sakandizindikira.

Koma chimene chinandigwetsa misozi ndi nsima. Msuzi wamchere ndi tsabola ukalowa m'ming'alu, umaona nyenyezi masana. Ndadya nsima ndi supuni mwezi wathunthu, alamu. Ine mwana wa kunyanja, kuminula usipa ndi foloko! Izi musauze munthu.

Poyamba ndinadziyesa dokotala. Ndinati ndi mphere, ndinapaka mankhwala a mphere, moto unabuka. Ndinaboola matuza ndi singano, chala chinatupa n'kuchita mafinya. Wina anati ndinyike m'madzi a batire, koma pamenepo nzeru za agogo zinandibwerera. Ndinapita kukiliniki. Anesi atayang'ana anandifunsa ntchito yanga, ndinati manejala. Anandiyang'ana kumaso, anayang'ananso manja, ndipo ndinaulula ndekha.

Akuti nthendayi ndi eczema ya m'manja. Sipatsirana, si mphere, si khate. Khungu lili ndi mafuta ake otchinga, ndiye sopo ndi madzi a tsiku lonse amawachotsa, thukuta n'kudzamaliza. Akuti anzathu oponda simenti, otsuka magalimoto ndi amayi a m'masaluni amabwera ndi manja omwewa. Mukaganiza bwino, ndiye theka la a Malawi a ku Joni.

Anandipatsa mankhwala opha tizilombo chifukwa cha chala chotupa chija, ndi kachubu ka betamethasone kopaka pang'ono pokha, kwa masiku owerengeka, osati kumadzola ngati mafuta a ukwati. Matuza akamachucha ndimanyika manja mphindi 10 kapena 15 m'madzi a potassium permanganate, osungunula mpaka angofiirira pang'ono. Zikhadabo zimasanduka zofiirira ngati za wosuta chingambwe. Chachikulu ndi Vaseline: ndikangosamba m'manja, kupukuta bwino, kupaka. Pantchito ndimavala magolovesi a nsalu mkati, a pulasitiki pamwamba, ndipo a mkatiwo akanyowa ndi thukuta ndimasintha. Mphete ya ukwati ndavula chifukwa sopo amabisala pansi pake. Mlongo wanu mumufotokozere bwino mfundo imeneyi, wina asathamange kukamuuza mwa njira yake.

Usiku ndimapaka Vaseline wambiri n'kuvala magolovesi oyera aja. Tsiku loyamba mnzanga wa ku Mangochi anadzidzimuka pakati pa usiku, magetsi atazima, n'kuona manja awiri oyera akuyenda okha mumdima kufunafuna botolo la madzi. Anakuwa Chiyao chomwe sindinachimvepo chibadwire, ndipo anakagona kukhonde mu kuzizira kwa Julayi.

Panopa khungu latsopano lamera, losalala ngati la khanda. Anesi achenjeza kuti nthendayi imapita n'kubweranso, ndiye ndapempha abwana andisamutsire kosenda anyezi. Akuti aganiza. Ndi mwezi wachiwiri akuganizabe.

Mlongo wanu anandiuza kuti nayenso zala zimamuyabwa akachoka kowokera mpunga. Mumuperekeze kuchipatala cha pa Lifuwu akamuone, asangogula mankhwala pagolosale ngati mmene ndinapusira ine. Mankhwala a asing'anga omwe azakhali akufuna kupatsira wa thiransipoti asatumize. Malo akewo muikemo usipa wouma ndi mpunga wa Kilombero, makilogalamu asanu, chifukwa wa kuno ulibe fungo. Katunduyo ndikamulandirira ku Park Station.

Za umanejala zikhale pakati pa inu ndi ine. Koma mlongo wanu mumuuziretu kuti ndikabwera mu Disembala mbale sindidzatsuka. Achipatala aletsa, ndipo kalata yake ndili nayo.

Ndine mlamu wanu,
Manejala