Rauta yodziwa ku Johannesburg, yosadziwa kuseri kwa nyumba

Inu ophunzira, tandimasulireni ichi. Rauta yathu pano pa Nsambe, yoyendera simukhadi, imafikitsa uthenga wa WhatsApp ku Johannesburg ndisanaike n'komwe foni m'thumba. Koma ikulephera kupeza pulinta imene ili m'kagolosale kuseri kwa nyumba, pa rauta yachiwiri yolumikizidwa ndi waya. Zitheka bwanji kudziwa kutali osadziwa pakhomo?

Mphwanga wa za makompyuta akuti rautayo ku Johannesburg siikudziwako ayi. Imadziwa a m'nyumba mwake okha, a maadiresi oyamba ndi 192.168.1. Chachilendo chilichonse imangoponyera kunsanja ya netiweki, akaone okha kumeneko. Pulintayo adiresi yake imayamba ndi 192.168.2, ndiye uthenga wake nawo umaponyedwa kunsanja n'kukafera komweko.

"Nanga siikuona kuti waya walowera kugolosale?"

"Ilibe maso, amalume. Mpaka muiuze."

Kuiuzako akuti ndiye static route. Umalemba 192.168.1.1 pa foni, kulowa m'kati mwa rauta, n'kudzaza mabokosi atatu. Pa destination ulembe 192.168.2.0, kumene uthenga ukupita. Pa subnet mask ulembe 255.255.255.0. Pa gateway uike adiresi ya rauta yachiwiri ija, 192.168.1.2, ndiye khomo lodutsira. Bwanji manambalawa amathera pa 255 osafika 300? Akuti gawo lililonse lili ndi malo 256 okha, kuwerenga kuyambira pa 0. Munthu amayamba bwanji kuwerenga pa 0? Apo anangoseka.

Chandidodometsa kwambiri n'chakuti njira yolemba pamanjayi siisintha. Batire ya sola ikatha, rauta yachiwiri n'kudzuka ndi adiresi ina, yoyambayo imalozabe pakale pomwepo, ngati chikwangwani cha pamsewu wa Neno-Tsangano chimene chimalozabe ku Tsangano ngakhale mvula itadula msewu. Choncho adiresi ya yachiwiriyo uyeneranso kuikhomerera pamanja, ndi kuiuza kuti isamatsekereze mauthenga ochokera kwa inzake. Akuti marauta a makampani akuluakulu amauzana okha njira ikaduka, kudzera mu chotchedwa OSPF. Nanga angawa, ogona mpanda umodzi, akulephereranji kulankhulana?

Ndinafunsanso ngati sizingatheke kuti foni, pulinta ndi zonse zingokhala pa 192.168.1 basi. Akuti n'zotheka ndithu: rauta yachiwiri uisandutse access point, nkhani yatha, static route osafunikanso.

Nanga usiku wonse uja timalemberanji manambala?