Tsamba la ku Joni

Ku Mangochi kuno digiri ya zamaluwa sakatengera ku Bunda. Amakatengera ku Joni. Mnyamata amanyamuka ku Makanjira kapena kwa Katuli asakudziwa n'komwe kusiyana kwa bonongwe ndi chisoso, n'kukagwira ya m'gadeni kwa azungu a ku Sandton kapena ku Cape Town. Tsiku lobwerera amatsika basi ali ndi zinthu zitatu: wailesi yogwedeza malata, jekete lachikopa loti mu Okutobala silivalika, ndi ukatswiri. Ukatswiriwo kawirikawiri umakhala wa kachitsamba kotchedwa jereniyamu, kamene masamba ake amanunkhira ukawafikisa ndi zala. Kwawo kwa kachitsambaka ndi ku South Africa konko, makamaka chigawo cha Cape, ndipo asayansi amakatcha Pelargonium. Mitundu yake ndi yambirimbiri: wina umamveka rozi, wina ndimu, wina apozi, wina mankhwala otsukira mano. Nazi zina zimene zimakambidwa pa bawo ndi m'magombe za akatswiri athuwa. Mayina tabisa, poti ena ndi alamu athu.

* * *

Woyamba anathyola kanthambi kuseri kwa nyumba ya bwana wake usiku woti mawa akunyamuka. Anakakulunga m'nyuzipepala yonyowa n'kukabisa mu sokosi. Lamulo limati mbande zisadutse malire popanda chikalata cha a zaulimi, koma sokosi sidziwa kuwerenga. Kanthambi kaja kanadutsa Beitbridge, kanadutsa Nyamapanda, kanawoloka Zambezi pa Tete. Pachipata cholowera kwathu kuno m'pamene wofufuza katundu anapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa sokosiyo. Atafutukula anapeza masamba obiriwira, ong'ambikang'ambika, a manomano m'mbali. Anayang'ana mwini katundu, anayang'ananso masamba aja.

"Madala, ichi n'chiyani?"

"Maluwa, bwana."

"Onse amene ali m'chitokosimo anayankha chonchonso."

"Tangonunkhizani, bwana."

Bwanayo anafikisa tsamba limodzi n'kuliika pamphuno. Anakhala duu, kenako anakodola mnzake.

"Tabwera udzaone kuno. Anthu a ku Joniwa aonjeza. Mpaka chamba ayamba kuchithira pafyumu."

* * *

Wina anafika bwinobwino kumudzi, kwa Mponda, n'kudzala kanthambi kake m'chitini cha penti. Katagwira, anaitana mayi ake kuti adzaone chuma chimene wabwera nacho.

"Ndi ndiwo zimenezi, mwanangu?"

"Ayi, amayi."

"Ndi mankhwala?"

"Ayi."

"Nanga chimabereka chiyani?"

"Sichibereka. N'chongonunkhiza."

"Anzako akubwera ndi malata ndi njinga zamoto. Iwe wayenda mtunda wonsewo kudzatipatsa ntchito ya mphuno?"

Mayiwo sanakhulupirire kuti padziko pano pali tsamba lofewa chotero loti silingalowe mumphika. Mwana atapita kumsika wa pa boma, anabudula masamba onse, nawathira soda ndi tomato, n'kuphika monga amaphikira therere. Madzulo banja lonse linakhala pamkeka. Bambo a nyumba anatema mbamu yoyamba, kusunsa, kumeza. Yachiwiri, kumeza. Palibe anayankhula. Atatha anasamba m'manja, nageya, ndipo fungo la sopo linadzaza khonde lonse.

"Make mwana," anatero, "zikomo. Lero tasamba ndi m'mimba momwe."

* * *

Lamulo loyamba la jereniyamu, limene katswiri aliyense amalibwereza mpaka kutopetsa, ndi lakuti usamuchulutsire madzi. Mizu yake ikakhala m'chinyezi imawola, tsinde limada kumunsi, basi zatha. Umadikira dothi liume pamwamba, ulowetse chala, ndipo pokhapo uthirire. Koma kauzeni zimenezo anthu a ku Mangochi mu Novembala, pamene phula la mumsewu wa ku Monkey Bay likuchita kufewa ndipo ngakhale abuluzi akusaka mthunzi.

Pa loji ina cha ku Makawa, mkulu wa maluwa anaitanidwa ku maliro. Asanapite anasonkhanitsa antchito onse. "Ichi musachikhudze. Madzi ndathira kale. Ndikapeza wina wanyamula kheni, tidana."

Atabwerera anapeza chitsamba chili zyoli, masamba achikasu, tsinde lanyenyeka. Anakhazika bwalo pansi pa mlambe.

Mnyamata wosesa anavomera: "Ndimangothira kakapu kamodzi m'mawa, ankolo. Chimandimvetsa chisoni."

Wophika: "Ine ndi madzi otsukira mpunga okha, masana."

Mayi wochapa: "Ine ndimatsanulira otsukuluzira."

Mlonda, amene aliyense ankayesa kuti usiku amagona, anaimirira ndi ulemu wonse. "Ine ndimaona kuti anzangawa sakuchisamala, ndiye ndimathira ndowa yathunthu cha m'ma 2 koloko."

Mkulu uja anagwira m'chiuno, nayang'ana kunyanja. "Asodzi amapita mpaka ku Makanjira pa mwera n'kubwerako amoyo. Uyu wamira m'chitini."

* * *

Pa loji yomweyo wophika anaphunzitsidwa luso lina la azungu: kuyala masamba a jereniyamu wa rozi pansi pa chitini chophikira keke, kuti fungo lilowe ndipo keke ikatembenuzidwa masambawo azionekera pamwamba. Anachita zonse mwadongosolo, keke inatuluka yokongola. Woperekera zakudya atafika nayo patebulo anaona masamba aja, nachita manyazi. Anawatola limodzilimodzi ndi foloko alendo akuona.

"Pepani kwambiri, abwana. Kukhitchini kwathu kulibe chitseko, ndiye mphepo yake ya mwerayi."

* * *

Bodza lalikulu pa nkhani ya chitsambachi ndi la udzudzu, ndipo silinayambire kuno. Ku America ndi ku Ulaya kuli mtundu wina wa fungo la ndimu umene akhala akuugulitsa ponena kuti ukauika pakhonde udzudzu suyandikira. M'zaka za m'ma 1990 ofufuza a ku Canada anauyesa, ndipo anapeza udzudzu ukuluma anthu okhala pafupi nawo monga mwa masiku onse, wina mpaka kutera pamasamba pomwepo. Fungo limatuluka ukafikisa tsamba. Likangokhala m'chitini, udzudzu ulibe nalo mlandu.

Mjoni wina anayala zitini zake pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria ija, kufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, n'kumakuwa kuti malungo atha. Bambo wina wa kwa M'baluku anagula ziwiri. Patapita masiku anabwerera nkhope itatupa, chitini chili m'manja.

"Achimwene, bwezani ndalama zanga. Usiku ndayatsa tochi, ndapeza udzudzu utakhala pamasamba penipeni."

"Unali ungati?"

"Wambiri!"

"Eya, ndiye kuti zikugwira. Unali pa msonkhano wotsanzikana."

"Nanga wandilumayu?"

Mjoni anaganiza pang'ono. "Vuto n'lakuti duwali ndi la ku Joni. Limathamangitsa udzudzu womva Chizungu. Wa kwa M'baluku sunapite kusukulu."

Gogo wina wogulitsa malambe pambali pake, amene moyo wake wonse wakhala akufukiza mpungabwi madzulo osalipira aliyense, anafunsa bambo wotupa uja kuti neti imene analandira kuchipatala ili kuti. Bamboyo anayang'ana kumbali. Neti inali ku Malombe, ikugwira kambuzi.

* * *

Katswiri amene anavutitsa kwambiri ndi wa foni. Ameneyu anawerenga pa intaneti kuti mafuta a jereniyamu ndi golide: opanga pafyumu a ku Grasse, ku France, amawagula pa mtengo wokwera, mayiko a Egypt ndi China ndiwo amawatcheza kwambiri, ndipo a pachilumba cha Réunion ndi otchuka kuyambira kale. Zonsezi n'zoona. Chimene sanawerenge, poti bandulo inathera pomwepo, n'chakuti lita imodzi ya mafutawo imafuna masamba olemera makilogalamu mazana angapo, nthawi zina pafupifupi tani yathunthu.

Anayenda m'magombe a cha ku Monkey Bay kuuza asodzi kuti awotche mabwato. Atafotokoza mmene makina ake amagwirira ntchito, kuti nthunzi imadutsa m'masamba, n'kulowa mumpaipi, n'kuzizira m'madzi, mafuta n'kuyandama pamwamba, mayi wina amene anakhala kumbuyo anaseka mpaka kugwetsa mpango.

"Alamu, makina amenewo ndili nawo kuseri kwa nyumba. Anandisiyira ndi agogo anga."

Anali wotcheza kachasu. Anagwirizana. Mjoni anabweretsa thumba lathunthu la masamba, chuma chake chonse cha chaka. Mayi anamata mphika, nasonkheza moto, onse n'kukhala pansi kuyang'anira kukamwa kwa mpaipi. Madzi anadontha, anadontha, botolo linadzaza. Pamwamba pake panayandama timadontho ta mafuta toti ngakhale nyerere singaterereke.

"Golide wanu ndi ameneyu?"

Bizinesi inathera pomwepo, koma nkhani inali isanayambe. Fungo linakanirira mumpaipi. Kachasu yense wa sabata imeneyo, kuyambira mutu mpaka wotsiriza, anatuluka akununkhira rozi. Amuna ankafika kunyumba usiku ali dzandidzandi, fungo la pafyumu lili patsogolo, n'kupeza akazi awo ataima pakhomo ndi mthiko.

"Mwachokera kwa ndani?"

"Ku mowa, mayi!"

"Mowa wake wodzola?"

Amfumu anaweruza milandu mpaka dzuwa kulowa. Akuti chiyambire mudziwo, aka kanali koyamba kuona amuna akugwada, kulumbira ndi kuitana mboni kuti anthu awakhulupirire kuti analedzeradi.

* * *

Akatswiri enieni, a mapepala awo, amabweranso. Amachokera ku Lilongwe pa magalimoto oyera, n'kudzatsekeredwa masiku atatu m'chipinda chozizira cha hotela ya m'mbali mwa nyanja kukambirana za phindu la zitsamba zonunkhira kwa mlimi wamng'ono. Pa nthawi ya tiyi mmodzi anatuluka kukayankha foni, nakhudza mwangozi chitsamba cha pakhonde. Dzanja linanunkhira. Anaitana wa m'gadeni.

"Aise, kamtengo aka n'kachiyani? Kakununkhira bwino."

Wa m'gadeni analoza chikwama chimene bwanayo anakoleka paphewa, chimene onse analandira pamodzi ndi alawansi.

"Ndi kamene kajambulidwa apoka, bwana."

* * *

Jereniyamu ali ndi m'bale wake amene analemeretsa anthu ndi muzu osati tsamba. Mu 1897 Mngelezi wina, Charles Stevens, anapita ku South Africa akudwala chifuwa chachikulu. Sing'anga wa Chisutu anamumwetsa madzi a muzu wa Pelargonium, ndipo iye atabwerera kwawo anayamba kuugulitsa m'mabotolo ngati mankhwala ake. Mpaka lero ku Germany amagulitsa mankhwala a chifuwa ochokera ku muzu umenewu, dzina lake Umckaloabo.

Mphunzitsi wina anafotokozera nkhaniyi sing'anga wa ku Chembe, ku Cape Maclear. Madalawo anamvetsera mpaka kumapeto, osaphethira. Mawa lake kunabwera mzungu wa kabudula ndi kabuku m'manja, womasulira ali pambali, akufuna kudziwa mayina a mizu imene inayalidwa pa chiguduli.

"Akufunsa kuti uwu ndi muzu wanji, ambuje."

"Uwauze kuti ndi muzu."

"Akuti wa mtengo wanji?"

"Wa m'tchire."

"Akuti iwo ndi ofufuza chabe, sakufuna kuba."

Madala anapinda chiguduli chawo pang'onopang'ono. "Uwauze ayambe akalipira mnzanga wa ku Lesotho uja. Akabwera ndi lisiti tidzakambirana."

* * *

Mbuzi za ku Namiasi zimadya chilichonse: makatoni, mapepala a shuga, usipa wa pathandala, malaya a pachingwe. Zitalowa m'dimba la mjoni wina zinamaliza mpiru, tomato ndi chinangwa, koma jereniyamu zinangomununkhiza n'kudutsa. Mkazi wake anati ayamike Mulungu kuti chatsalako. Iye anakhala tsiku lonse osadya.

"Si za mpiruzo ayi. Koma mbuzi, mbuzi yeniyeni, kundinyozera duwa la ku Sandton?"

* * *

Wotsiriza ndi mnyamata wa ku Malindi amene anapeza mbeta ku Namwera. Anaganiza zoti apongozi asamuone ngati mjoni wamba wa wailesi ndi jekete. Anasankha chitini chake chabwino koposa, chimene anachilera miyezi yambiri pamthunzi, kuchitsina nsonga kuti chichite nthambi, kuchithawitsa dzuwa la masana. Anachikulunga ndi pepala lonyezimira, nakwera matola okwera phiri, chitini chili pamiyendo, akukalipira aliyense wochiyandikira.

Ku Namwera n'kumtunda, kumazizira, ndipo zomera zimene kunyanja zimapuma wefuwefu kumeneko zimangodzikulira. Izi mnyamatayo sanaziganizire. Atalandiridwa, ankhoswe atakhala, anagwada n'kupereka mphatso yake kwa mayi a mtsikana. Anafotokoza za Cape Town, za France, za kathiriridwe kake, za chala cholowetsa m'dothi. Mayiwo anamvetsera mwaulemu, nafikisa tsamba, nanunkhiza.

"Zikomo kwambiri, bambo. Mwavutika." Kenako anatembenukira kwa kamwana kamene kanaima pakhomo. "Iwe, landira. Kaike kuseri kwa chimbudzi uko, kuli anzake."