Mapazi 30 a aZimba

(Tambala akulira. Nyundo ikumveka: kho! kho! kho! Chitseko cha malata chikutseguka mwaphokoso.)

NABANDA: Eyaa! Lero lokha ndakupezani! Imani pomwepo, musasunthe!

ZIMBA: ...17, 18... Aa, amake Tiya, mwandisokonezatu. Ndinali pati?

NABANDA: Munali pa ufiti, bambo a Mavuto. Dzulo ndinakusuzumirani pazenera, ndinati mwina ndi tulo. Lero ndakuonani ndi maso onse awiri. Munthu ndi ndevu zake, kusanache, kumaponya miyendo pabwalo ngati kakowa m'dambo, uku pakamwa pakung'ung'udza!

ZIMBA: Ndikupima malo, aneba.

NABANDA: Mukupima manda a ndani? Pamdadada uno tilipo mabanja 6. Nenani tidziwe woyamba, ayambe kubweza ngongole.

ZIMBA: Manda ati? Ndi zikhomo chabe izi.

NABANDA: Zikhomo chabe! Nanga kansalu kofiira mwamangirirapoka?

ZIMBA: N'koti ana asapunthwe.

NABANDA: Kofiira?

ZIMBA: Ndi chitenje chakale cha mayi a kunyumba. Mukanafuna ndikagule choyera kwa amwenye?

NABANDA: Nanga phulusa mwawazali, mzere kuchokera pachitsime mpaka kuseri kwa nyumba yanga? Yanga! Bwanji osadutsitsa kwa aphunzitsi, kapena kwa mnyamata wa kabaza uja? Nkhuku yanga yachitatu inafa sabata yatha. Tsopano ndamvetsa.

ZIMBA: Nkhuku zanu zinafa ndi chitopa. Mudakana katemera.

NABANDA: Chitopa cha miyendo iwiri, chovala jekete! Ndipo mawu aja mumanena chapansipansi ndi chilankhulo chanji? Si Chichewa, si Chitumbuka, Chingoni cha agogo anu ndi chomwe simuchidziwa n'komwe.

ZIMBA: Ndimawerenga m'Chingerezi, mayi. Wani, thuu, filii.

NABANDA: Mwamva? Ndi nyanga za kunja! Ndikukanena kwa atcheyamani. Akakana ndipita mpaka kwa amfumu a Mphamba, ndikalipira njinga ndekha.

ZIMBA: Pitani. Mukawauzenso kuti mwapeza mfiti yokumba chimbudzi.

NABANDA: Yokumba chani?

ZIMBA: Chimbudzi. Chakale chija chadzaza, ndiponso chili pafupi kwambiri ndi chitsime. Wazaumoyo uja adabwera Lachiwiri, inu muli kumsika kogulitsa mtedza wanu wofumbwa.

NABANDA: Mtedza wanga ausiye. A COMACO amene amautamanda.

ZIMBA: Adati chimbudzi chizikhala mamita 30 kuchoka pachitsime, komanso kumunsi, kumene madzi amalowera mvula ikagwa. Chifukwa zimene mumasiya m'dzenje sizikhala phee, zimayenda pansi panthaka, n'kukakudikirirani mu ndowa yanu.

NABANDA: Zanga siziyenda. Ndine mayi wa mvano ine.

ZIMBA: Za mvano ndiye zimayenda pagulu, ndi nyimbo. Mwaiwala kolera ya 2024? Ku Lusaka bwalo la mpira la Heroes lidasanduka chipatala. Masukulu sadatsegule mu January, ana adakhala pakhomo mpaka 12 February, Tiya wanu akungomaliza mango a anthu.

NABANDA: Za ku Lusaka izo. Kuno ndi ku Lundazi.

ZIMBA: Nanga mabasi amene amafika usiku uliwonse kudzera ku Chipata amanyamula matumba okha? Ine ndiye ndaganizira pulotiyi yonse. Ndajambula pulani, ili m'thumbamu.

NABANDA: Pakatoni ya sopo?

ZIMBA: Pepala ndi pepala. Kumanga kuli m'magazi mwathu, amake Tiya. Castle Hotel mukuionayo, imene DC Errol Button adayamba kumanga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, agogo anga ndiwo ankamuuza poika njerwa. Mzungu ankangogwedeza mutu.

NABANDA: Chaka chatha mudati agogo anu ankaponda dothi. Chaka chino akwezedwa pantchito ali kumanda?

ZIMBA: Kuponda dothi ndiye maziko a ntchito yonse. Taonani apa. Madzi a kubafa asamayendenso pabwalo, tikumba dzenje n'kudzazamo miyala, azilowa pansi. Chithaphwi chija cha pakhomo panu ndiye sukulu ya udzudzu, umaphunzira pamenepo n'kudzalemba mayeso pa ine.

NABANDA: Udzudzu umadziwa munthu wosagona m'neti. Yanu mudatchingira dimba la repu.

ZIMBA: Imeneyo inali yobooka. Kenako khitchini ya tonse apa, mazenera awiri oyang'anizana kuti utsi uzilowa uku... ayi, uzitulukira uku, mpweya n'kumalowa uko. Muleke kuphikira pambaula m'chipinda chogona mutatseka chitseko. Makala amapha mwakachetechete, mu June muno anthu amagona osadzukanso.

NABANDA: Khitchini ya tonse? Kuti akazi anu aziwerenga nthuli za mumphika mwanga?

ZIMBA: Adzawerenga chani, nyemba? Pambali pa chimbudzi tiika mpondagiya, kachigubu ndi sopo, munthu akatuluka azisamba m'manja. Padzenje chivundikiro, ntchentche zisowe kolowera.

NABANDA: Sopo wa ndani?

ZIMBA: Tizisinthana, banja lililonse sabata yake.

NABANDA: Sabata yanu ikafika tidzasamba ndi phulusa lomwe mwawazali.

ZIMBA: Phulusa limathandizanso, adatero wazaumoyo. Ndiye pansi pa mango paja benchi lalitali. Madzulo tizikhala tonse, ana akusewera poonekera, agogo a kuchipinda chomaliza aja asamangokhala okha m'nyumba kuyankhula ndi mphaka.

NABANDA: Za agogozo mwanena zoona. Dzana ndidawapeza atatha tsiku lonse osaona munthu. (Kachete pang'ono.) Komabe kansalu kofiira kaja muchotse.

ZIMBA: Ndichotsa.

NABANDA: Ndipo mwati mamita 30. Inu mumawerenga mapazi. Phazi lanu ndi mita?

ZIMBA: Langa ndi mita ndendende. Adandiyeza ku National Service.

NABANDA: Miyendo imeneyi? Popalasa njinga mumachita kuimirira! Tiya! Iwe Tiya! Bweretsa tepi yanga ya pamakina osokera! Gwirani uko, bambo a Mavuto, pakamwa penipeni pa chitsime. Musakoke, ndi ya ndalama.

(Mapazi akuyenda. Nkhuku zikuthawa. NaBanda akuwerenga mokweza.)

NABANDA: ...20... tapitirira nyumba yanga, mwaona? Zikomo Ambuye. ...25... kumunsi ndi kuno, eti? ...29... 30! Bweretsani chikhomo.

ZIMBA: Aa, ayi. Apo ayi.

NABANDA: Bwanji?

ZIMBA: Apo m'pamene timasewerera nsolo. Maenje aja ndidakumba ndekha, ali ndi zaka.

NABANDA: Ndiye mwayamba kale ntchito! Tingowonjeza dzenje limodzi lalikulu pakati.

ZIMBA: Tepi yanu njotanuka iyi. Yapimira madiresi a amayi onenepa, yataya chilungamo.

NABANDA: Mamita 30, kumunsi. Adatero wazaumoyo, ine ndili kumsika.

ZIMBA: Mwina adati 13. Mnyamata uja amayankhula mothamanga, ndiponso kunali mphepo.

NABANDA: Tiya, thamanga kwa aphunzitsi ukabwereke piki. Uwauze kuti mdzukulu wa omanga Castle akuyamba pompano.

ZIMBA: Msana wanga, amake Tiya. Agogo ankangoloza ndi chala, sankagwira piki.

NABANDA: Paja ankaponda dothi. Vulani nsapato.

(Piki ikugwa pansi: thi! AZimba akubuula. Nyimbo.)