Uphungu kwa Ogundana pa Msewu wa ku Chadiza

Popeza msewu wochokera ku Chipata kudza kuno ku Chadiza wakhala zaka zambiri ukuphunzitsa magalimoto kuvina chimtali, ndipo popeza njinga zamoto zachuluka ngati ngumbi za mvula yoyamba, ndayesa chinthu choyenera kuti ine, amene maso anga aona magalasi ambiri akutoledwa m'fumbi, ndipangire abale anga nzeru, kuti tsiku la tsoka likadzafika asadzasowe pogwira.

Mukangomva kulira kwa chitsulo, tulukani msanga ndi kuyamba kukalipa mnzanuyo asanatsegule pakamwa, pakuti kwathu kuno wa mawu aakulu ndiye wosachimwa. Musadzichepetse pojambula malowo ndi foni, kapena polemba nambala ya galimoto inayo ndi maina a mboni. Imeneyo ndi ntchito ya anthu okayikira anzawo, ndipo anyamata ogulitsa nzimbe amene aona zonse adzazikumbukira bwino lomwe kufikira kulowa kwa dzuwa.

Lamulo la pamsewu la chaka cha 2002, lomwe linabala bungwe loyang'anira za pamsewu la RTSA, likuti ngozi ikanenedwe kwa apolisi maola 24 asanathe. Koma kodi lamulo linayamba ladyera mbale imodzi ndi munthu? Mnzanuyo akavula chipewa nati, "Akulu, tisafike kutali, tikambirane pachibale, ndikagulitsa soya ndidzakonza zonse," mumkhulupirire ndi mtima wanu wonse, osafunsa ngati soyayo anabzalidwa. Pambuyo pake a inshuwaransi, amene ali a fuko la Tomasi, osavomereza kanthu kopanda chidindo, akadzafuna lipoti la apolisi, mudzawasimbire mmene munagwiranirana chanza patsinde pa mtengo wa mango. Kapena adzagwa misozi.

Kunena za kapepala ka inshuwaransi ya third party kaja munamata pagalasi kuti mudutse pamene apolisi atseka msewu, musalole munthu akumasulireni. Anthu ansanje adzakuuzani kuti third party imalipira ena amene inu mwawapweteka, ndi kuti ngakhale ikafika pa katundu wawo imalekeza pa malire olembedwa, koma galimoto yanuyanu siidziwa konse. Tsekani makutu, valani jekete la ku tchalitchi, kwerani ulendo wa ku Chipata, ndipo mukafunse galimoto yatsopano kwa a inshuwaransi ndi nkhope ya munthu wodziwa zake. Akuti safunsa anadya phula, koma ndani anatsimikiza kuti phula n'losakoma? Ndipo musanapite, perekani galimotoyo kwa makaniko wa pansi pa mtengo aiwongole ndi nyundo, kuti woyesa chionongeko akadzabwera adzapeze palibe choti ayese.

Tsono ndinene ndi inu ovulala, pakuti gawo lanu ndilo lokoma koposa. Fomu ija apolisi amapereka kuti dokotala alembepo mabala anu ndi yotopetsa kuinyamula; isiyeni. Malisiti a mankhwala ndi a ulendo wa ku chipatala amayatsa mbaula bwino kuposa udzu. Mwini galimoto akadza madzulo ndi amalume ake, mbuzi ili pachingwe ndi pepala lonena kuti nkhani yatha, sainani usiku womwewo msana usanayambe kulankhula, chifukwa msana uli ndi mwambo woipa wodandaula patapita miyezi, mbuzi itadyedwa kale ndi chikopa chomwe. Ngati mtima ukukankhirani ku khoti, dekhani. Makolo anati mlandu suwola, ngakhale kuti makolowo anagona asanamve za lamulo lakuti mlandu wa kuvulala ukafike ku khoti zaka 3 zisanathe. A Pensions and Insurance Authority ku Lusaka amamva madandaulo a anthu amene kampani yawakaniza chipepeso, koma musawasautse. Nawonso ali ndi mabanja.

Chotsala ndi ngolo ya ng'ombe, imene ilibe nambala, nyali ngakhale kapepala pagalasi, popeza ilibenso galasi. Mukagundana nayo usiku m'dziko la a Mlolo kapena la a Zingalume, nkhani idzakambidwa pabwalo la anyakwawa, kumene mudzakhala pansi mwaulemu, kuomba m'manja, ndi kumva kwa mboni zisanu ndi ziwiri kuti ng'ombe munathyola mwendoyo inali ndi bere la mapasa, ngakhale inu munaiona ndi maso anu kuti inali yamphongo.