Malangizo kwa Ofuna Kudzikhomera Lipenga la Nyimbo

Munthu aliyense wokonda nyimbo, amene Mulungu anamdalitsa ndi nyumba yabata, mkazi woleza mtima ndi anansi omulonjera m'mawa, koma mumtima mwake akuona kuti madalitso amenewa achulukitsa, ayenera kudziwa kuti ilipo njira yowachepetsera onse nthawi imodzi, ndiyo kudzikhomera yekha zokuzira mawu za mtundu wa lipenga. Popeza ambiri amailowa ntchitoyi mwachimbulimbuli, nafika kumapeto akadali ndi abwenzi, ndaona kuti nkoyenera kuwalongosolera ndondomeko yake.

Nzeru yake njakale, ndipo ana omwe amaidziwa, pakuti poitana munthu amene ali kutsidya la mtsinje timazinga manja kukamwa kuti mawu akafike. Sipika wamba amakankha mpweya umene umangothawira m'mbali, kotero kuti mwa magawo 100 a mphamvu ya magetsi imene amadya, gawo limodzi lokha, kapena losakwana, ndilo limasanduka mawu, otsalawo nangotenthetsa waya. Koma mukamuika kukhosi kwa lipenga, limene limayamba lopapatiza nkumakula pang'onopang'ono mpaka kukamwa, mpweya umasowa kothawira, ndipo umamvera. Lipenga lotchuka la Klipschorn, limene Paul Klipsch anayamba kugulitsa mu 1946 ku Hope, m'chigawo cha Arkansas ku America, ndipo likupangidwabe lero lino, limafuula ndi wati imodzi mawu amene masipika ambiri a m'sitolo amawafikira atameza mawati pafupifupi 100. Isungeni bwino mfundo imeneyi, chifukwa ndiyo mudzaitchule kwa mayi a kunyumba, kuti ntchito yonseyi cholinga chake nkupulumutsa magetsi.

Musanagwire sowo, khalani pansi muwerengere, monga achitira munthu wanzeru asanamange nsanja; mukatha kuwerengera, nyalanyazani zimene mwapezazo. Mawu amayenda mamita 343 pa sekondi, ndipo mawu a besi, aja amagunda pachifuwa, ogwedeza mpweya ka 40 pa sekondi, funde lake limodzi ndi lotalika mamita oposa 8. Lipenga loti liwatulutse mokwanira, litaima lokha pabwalo, kukamwa kwake kuyenera kuyasama mamita pafupifupi 3. Tsono chitseko cha nyumba yanu, ngati munamanga monga amangira anthu ena onse, sichifika ndi mita imodzi yomwe m'lifupi. Apa amisiri amagawanika pawiri: ena amakhomera panja, chinthucho nkukanika kulowa, ena amakhomera pabalaza, nkukanika kutuluka. Ine ndikulangizani njira yachiwiri, pakuti mvula siikhululukira pulayiwudi, ndiponso mipando ya pabalaza, imene kwa zaka zambiri yakhala ikungosungira alendo osaitanidwa, ikhoza kupita kwa apongozi.

Amene mtima wawo ngwofooka angatsate nzeru ya Klipsch uja, amene anapinda njira ya mawu m'kati mwa bokosi, nalikankhira pangodya ya chipinda, kuti makoma awiri pamodzi ndi pansi zimalizitse kukamwa kwa lipengalo. Paul Voigt wa ku England nayenso anali atakonza lipenga lake la pangodya m'zaka za m'ma 1930. Nzeruyi njabwino ndithu, koma imafuna ngodya ziwiri zopanda zenera kapena khomo pafupi, ndipo mudzazindikira msanga kuti amene anajambula pulani ya nyumba yanu analibe chidwi ndi nyimbo. Musatekeseke, zenera limatsekedwa ndi njerwa tsiku limodzi, ndipo mdima umathandiza kumvetsera. M'kati mwa bokosimo muli matabwa ambiri odulidwa mopendekera, lililonse ndi kapendekedwe kakekake, ndipo pamene awiri sanapsompsonane bwino, ngakhale patangotsala mpata wolowa tsamba la lumo, mpweya umatulukira pomwepo, besi nkupita nawo. Pakani guluu osaumira. Mpatawo mudzauzindikira mutakhomerera kale thabwa lomaliza pamwamba pake, pakuti umu ndi mmene zimakhalira kuyambira kale.

Lipenga limodzi silingaimbe mawu onse, choncho mudzafunika lina la mawu apakati ndi kena kakang'ono ka mawu osongoka. Ndipo apa mpamene mudzakumane ndi vuto limene linasautsa akuluakulu a kanema ku Hollywood. Zikumveka kuti m'zaka za m'ma 1930, ku kampani ya MGM, pomvetsera gule wogogoda nsapato wa Eleanor Powell, anapeza kuti phazi likagunda kamodzi m'masipika mukumveka kawiri, chifukwa mawu ena anali kudutsa m'lipenga lalitali, nafika mochedwa pambuyo pa anzawo. Amisiri a mawu, John Hilliard ndi anzake, pansi pa Douglas Shearer, anakonza zokuzira mawu zatsopano, vutolo nkutha. Iwo anali ndi chuma cha kampani. Inu muli ndi tepi yoyezera ndi Loweruka masana. Sendezani kalipenga kakang'onoko kumbuyo chala chimodzi, mubwerere pampando, mumvetsere, mudzukenso, mukabwezere pomwe kanali. Ndipo mukatero mpaka dzuwa kulowa, muuze mlamu wanu kuti tsopano woimbayo waima pakati penipeni. Iye adzavomera, chifukwa akudikira nsima.

Kuwongolera ndiko mtima wa ntchitoyi, ndipo lamulo lake lalikulu nlakuti musamvetsere nyimbo iliyonse mpaka kumapeto. Sankhani imodzi yokha, ndipo pa nyimboyo sankhani masekondi 20 pamene ng'oma ilowa, muwabwereze kufikira ana atawadziwa ndi kutulo komwe. Mawu akamamveka ngati munthu wolankhulira m'mphuno, matenda amene malipenga osakonzedwa bwino amadwala kawirikawiri, tengani thonje la m'pilo muike kuseri kwa sipika, akafa, chotsani theka, akadzukanso, bwezerani. Thabwa likamanjenjemera, limbitsani ndi lina, ndipo linalo likanjenjemera, thirani mchenga pakati. Dziwaninso kuti lipenga silisankha chokuza: kaphokoso kosisima ka mu ampulifaya, kamene kale simunkakadziwa nkomwe, tsopano mudzakamva muli kukhitchini. Walira mvula walira matope. Gulani ampulifaya ina, makamaka ya mavalavu, yotulutsa mawati atatu kapena anayi pamtengo wa ng'ombe, ndipo za kupulumutsa magetsi zija musazitchulenso.

Za anansi sindichulutsa mawu. Akabwera kudzadandaula, alowetseni, muwakhazike pampando umodzi wotsala uja, muwafunse ngati akuona kusiyana kwa lero ndi dzulo, sadzabweranso.

Tsiku lina, lipengalo litayamba kuimba mokoma kotero kuti mayi a kunyumba aima pakhomo ndi chipande m'manja namvetsera, mudziwe kuti mwafika pangozi, pakuti mmisiri womaliza ntchito amasanduka womvera wamba, wosasiyana ndi mnyamata wa wailesi ya mabatire. Thamangani mukawerenge kuti kapindikidwe kamene munatsata sikokhako, kuti Voigt uja anakonda kena kotchedwa tractrix, ndipo kuti ena amaumba malipenga awo ndi simenti pansi pa nyumba. Pusi anagwa chagada ndi ichi chakoma ichi chakoma, koma pusi analibe sowo. Yambaninso.

Ndipo inu amene mwatopa, nimufuna kugulitsa ntchito ya manja anu, musavutike ndi kufunafuna galimoto yodzanyamulira katunduyo. Polengeza malondawo lembani mtengo wa lipenga, ndipo pansi pake muwonjezere kuti nyumba ndi basera.